Mfuti ya m'gemu ili ndi mwini wake

Okonda magemu a pakompyuta ndi pa PlayStation ali ndi nyimbo yawo yosatha: ndale zisalowe m'masewera, iwo akungofuna kusangalala. Chondiseketsa n'chakuti ambiri amaimba nyimboyi chala chili pabatani la mfuti ya Call of Duty.

Mu Call of Duty: Black Ops II ya 2012, nkhondo yoyamba imakuponyani ku Angola m'chaka cha 1986. Mnzanu pankhondoyo ndi Jonas Savimbi wa gulu loukira boma la UNITA, ndipo owaombera ndi asilikali a chipani cholamula cha MPLA. Chaka chomwecho Savimbi weniweni ankapatsana moni ndi Ronald Reagan ku White House, boma latsankho la South Africa likumuthandiza ndi zida. Gemuyi sifunsa ngati mukuikonda mbali imeneyo. Inakusankhirani kale, yanu ntchito n'kuomba basi. Ngakhale ana a Savimbi sanakondwe nazo. Mu 2016 anasumira mwini gemuyi, kampani ya ku California ya Activision Blizzard, ku France, kufuna mayuro 1 miliyoni ati poti bambo awo anaonetsedwa ngati munthu wolusa, koma khoti linawabweza chimanjamanja.

Zimenezo n'zochepa. Mu February 1991, ndege za America ndi anzake zinaphulitsa magalimoto a asilikali a Iraq amene ankathawa ku Kuwait pamsewu wopita ku Basra, msewuwo n'kupatsidwa dzina lakuti Highway of Death. Mu 2019 Call of Duty: Modern Warfare inatenga dzina lomwelo, n'kuliika m'dziko longopeka la Urzikstan, mlandu wophulitsa anthu othawa n'kuusenzetsa Russia. Osewera a ku Russia anakwiya, nakaigwetsa gemuyo ndi mavoti pa tsamba loweruza magemu la Metacritic. Kwina konseku anthu ankangotsutsana za mfuti imene ikupha msanga.

Ndiye tisanamizane. Amene amati chotsani ndale sakudana ndi ndale ayi, akudana ndi ndale zowabaya. Msilikali wa America akaloza mfuti kudziko la eni, amati ndi gemu chabe. Koma wotsogolera nkhani akakhala mkazi kapena munthu wakuda, phokoso lake ngati aba mbuzi pamudzi.

Makampani nawo ndi akambelembele. Ng Wai Chung, wodziwika kuti Blitzchung, atalankhula mokomera zionetsero za ku Hong Kong pa mpikisano wa gemu ya Hearthstone mu October 2019, kampani ya Blizzard, mwini gemuyo, inamuletsa kusewera chaka chathunthu n'kumulanda mphotho yake. Inafewetsa chilango anthu atakalipa. Apa ndiye ndale zinaoneka msanga, poti msika wa China unali pachiswe.

Ine nkhawa yanga ili pa mnyamata wa Fomu 2 amene sanamvepo za Kuwait kapena UNITA m'kalasi. Mphunzitsi wake woyamba wa nkhondo ya Angola ndi kampani ya ku California, ndipo phunzirolo amalibwereza kakhumi mpaka atapambana.