Mawu kwa Ofuna Ntchito ya Uphunzitsi

Abale anga, makolo ndi achinyamata a m'midzi,

M'mabanja ambiri muli mnyamata kapena mtsikana amene adatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Kasungu, ku Lilongwe, ku Karonga kapena ku Bembeke, ndipo tsopano alikudikira tsiku lokaonekera pamaso pa akuluakulu olemba ntchito. Makolo adagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti mwanayo afike pamenepo. Tsono nchomvetsa chisoni kuti thukuta la zaka zambiri litayike m'kamphindi kochepa chifukwa cha kusakonzeka. Mawu a mwezi uno ndalembera iwowa.

Poyamba dziwani chimene akuluakuluwo afuna. M'chaka cha 1994 boma lidachotsa malipiro m'sukulu za pulayimale, ndipo ana adachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuyambira pamenepo sichachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi limodzi. Motero ofunsawo, angakhale mafunso awo achuluke bwanji, mumtima ali ndi funso limodzi lokha: kodi munthu uyu tikamsiyira ana athu, anawo adzamva chimene iye alikuphunzitsa?

Ine ndidaona zimenezi ndi maso pamene ndidali m'komiti ya sukulu ina imene idafuna mphunzitsi wothandizira. Adabwera anyamata awiri. Woyamba adavala suti, ndipo Chingerezi chake chidatiopsa tonse. Koma titampempha kuti atiyese ana a Sitandade 2 natiphunzitse kuchotsera, iye adatifulatira, nayamba kulankhula ndi bolodi mpaka nthawi idatha. Tidakumbuka mawu a makolo akuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wachiwiri adavala malaya akale, koma ochapa ndi ositidwa bwino. Iyeyu adatulutsa m'thumba zitsekerero za mabotolo 9, naziyala patebulo, nauza agogo ena a m'komitimo kuti achotsepo 4 ndi kuwerenga zotsala mokweza. Agogowo, amene sadapite kusukulu, adawerenga 5, naseka ndi chimwemwe. Sitidafunikenso kukambirana.

Chifukwa chake, achinyamata inu, konzekani monga munthu wopita kukaphunzitsa, osati wopita kukadzionetsa. Lembani ndondomeko ya phunziro limodzi lalifupi, mudziwe poyambira, pothera, ndi funso limene mudzayesa nalo ngati ana amva. Tengani zipangizo zopezeka pamudzi: timitengo, nyemba, timiyala. Yesererani phunzirolo pa azing'ono anu madzulo, pakuti mwana sadziwa kunyengerera. Mukamsokoneza, nkhope yake idzakuuzani.

Dzulo lake ikani pamodzi makalata anu: satifiketi ya MSCE, ya uphunzitsi, ndi chitupa cha unzika. Lawirirani m'mamawa, pakuti mphunzitsi wochedwa tsiku loyamba wadziweruza yekha. Polowa perekani moni mwaulemu, ndipo musakhale pampando musanauzidwe. Lankhulani momveka, monga kuti mwana wokhala kumbuyo kwenikweni ayenera kumva. Funso likakuzungulirani, musathamangire kuyankha. Pemphani kuti alibwereze. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Adzakufunsani za mwana wosamvera. Musatchule mkwapulo, pakuti Unduna wa Maphunziro uletsa kumenya ana. Nenani kuti mudzayamba kufufuza chimene chamvuta mwanayo, kaya ndi njala, kaya ndi maso osaona bwino pabolodi, kaya ndi mavuto a kunyumba, ndi kuti mudzakambirana ndi makolo ake. Adzakufunsaninso ngati mungalole kukagwira ntchito kutali, kumene kulibe magetsi kapena msewu wabwino. Apa nenani zoona zokhazokha. Wovomera ndi pakamwa pokha, nadzathawa patapita miyezi itatu, alakwira ana amene adayamba kumkhulupirira. Ndipo chimene simuchidziwa, vomerani kuti simuchidziwa koma mudzachiphunzira. Bodza limodzi likagwidwa, mayankho anu onse abwino agwa nalo pamodzi.

Kwa inu makolo ndinena mawu awiri. Musampatse mwana wanu ndalama zoti akakondweretse nazo munthu wina mseri, pakuti chiphuphu ndi mlandu pamaso pa malamulo, ndipo ntchito yogula sikhala ndi mtendere. Musamfunirenso zithumwa kapena mankhwala a mwayi. Mpatseni sopo, ndalama ya ulendo, ndi chakudya cha m'mawa. Madzulo khalani pamphasa ngati ana a sukulu, kuti ayeserere pa inu phunziro lake.

Ndipo akapanda kusankhidwa, musamnyoze. Afunse mofatsa pamene adalakwitsa, akonze, nadzayesenso, pakuti ana osowa mphunzitsi akadali ambiri m'dziko muno.

Tsalani ndi mtendere kufikira mwezi wa mawa.