Kalulu sanakumbe nawo chitsime

Abale anga, amene munathawira kunja ndi ife amene tinatsala, tonse tinakula ndi nthano ya chitsime. Chilala chitavuta, nyama zonse zinakumba chitsime, Kalulu yekha n'kukana. Madzi atatuluka, iye ndiye ankabwera kudzatunga, kunyengerera alonda ndi uchi n'kuwamanga. Anadzamugwira ndi Kamba, kanyama konyozeka.

M'nthawi ya chipani chimodzi, nyama za m'nthano ndizo zinkatiyankhulira. Alembi a Writers Group, gulu lomwe linayamba mu 1970 Chancellor College idakali pa Chichiri, pakati pa Limbe ndi Blantyre, anaphunzira kuphiphiritsa mawu. Mmodzi wa iwo, Jack Mapanje, anabisala kumbuyo kwa bilimankhwe m'buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods. Boma linamvabe fungo. Bukulo linaletsedwa mu 1985, mwini wake n'kutsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti.

Masiku amenewo tinkamuombera m'manja Kalulu chifukwa ankapusitsa Njovu ndi Mkango. Koma chitsime cha ufulu tinakumba tokha pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo lero ndikuona akalulu ambiri akutungamo, ena oti sanagwireko ndi khasu lomwe. Uchi wawo ndi chitenje ndi kangachepe ka pa kampeni.

Choncho ndikupempha azisudzo, ojambula ndi oyimba athu: mukamaifotokozanso nthanoyi, musamathere pa kuchenjera kwa Kalulu. Ana athu azimuonanso Kamba ali phee m'madzi, akudikira mwendo wa wakuba.