Tisathamangire kwa wosoka nsapato

Ambuya akabwerako ku Lusaka atawaika fupa lachitsulo m'chiuno, banja lonse timapuma. Ndalama tinasonkha, ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road tinaupirira. Koma tsiku loyamba kuimirira pakhonde, timangomva: "Adzukulu, mwendo uwu watalika." Pomwepo pa WhatsApp ya banja pamayamba phokoso. Wina akuti madokotala alakwitsa, wina akuti tipite ku Kapata Market wosoka nsapato akawonjezere mphira pansi pa nsapato ya mwendo winawo. Ife tikuti tidekhe kaye.

Ambuya sakunama, zomwe akumva ndi zenizeni. Koma nthawi zambiri vuto silikhala kutalika kwa fupa. Polumikizira mwendo ndi chiuno pakadyeka kwa zaka zambiri, mwendowo umafupika pang'onopang'ono. Chiuno chimapendekeka, msana umapindika, minofu imakokana kuti munthu aziyendabe. Opaleshoni ikabwezeretsa mwendo m'malo mwake, thupi limayendabe mmene linazolowerera, ndiye mwendo wokonzedwawo umamveka ngati wautali. Kwa anthu ambiri izi zimatha pakati pa miyezi 3 ndi 6, minofu ikamasuka ndipo chiuno chikawongoka.

Apa ndiye pali vuto ndi mphira wa kumsika uja. Tikakweza nsapato msanga, tikuuza chiuno kuti chikhale chopendekeka chomwecho. Pofuna kuthandiza, tikhoza kuchedwetsa kuchira.

Sitikunena kuti tingokhala chete. Nthawi zina mwendo umatalikadi. Kusiyana kosakwana sentimita 1 ambiri sikuwavutitsa, koma kukapitirira kungafune nsapato yokwezedwa. Wodziwa ndi dokotala kapena a physio, amene amayeza ndi tepi kuchoka pafupa la chiuno kufika pakakolo, kapena kujambula X-ray. Maso athu pakhonde si muyezo.

Ntchito yathu ife achinyamata ndi yaing'ono koma yofunika. Tiwaperekeze kwa a physio ku Chipata Central Hospital, tisaphonye tsiku lokaonana ndi dokotala amene anawapanga opaleshoni, tiwakumbutse masewera olimbitsa minofu omwe anapatsidwa. Tisawakhazike pa kampando kakafupi, ndipo tisawakweze njinga ya hayala m'misewu ya makumbi. Ngati mwendo wafupika mwadzidzidzi, wapotoka ndipo ukupweteka kwambiri, kapena bala likutulutsa mafinya, thupi latentha, kapena katumba watupa, tisadikire kuche. Ndi kuchipatala pomwepo.

Tisaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya okalamba okha. Matenda a sickle cell ndi ngozi zapamsewu zimawononga chiuno cha anzathu a zaka za m'ma 20 ndi 30. Tsiku lina wodandaula kuti mwendo watalika akhoza kukhala mmodzi wa ife, ndipo tidzafuna wotipititsa kukayezedwa tisanagule mphira.