Kangachepe si malipiro

Ena akuti tikadya m'lesitilanti tizisiya kangachepe patebulo monga amachitira ku America. Ena akuti kumeneko nkutaya ndalama. Onsewa akuzemba funso lenileni: kodi mwini malowo amamulipira zingati woperekera zakudyayo?

Inu abale obwera kuchokera kunja, musatitengere mwambo osatiuza kumene unachokera. Ukapolo utatha ku America mu 1865, kampani ya Pullman inalemba ntchito anthu akuda m'sitima zake pa malipiro ochepa, kuti zotsalazo azitolera kwa okwera. Mpaka lero lamulo la boma lalikulu kumeneko limalola bwana kulipira wolandira kangachepe $2.13 pa ola, ndalama imene sinakwere chiyambire 1991.

Nanga wopindula ndani? Bwana! Wantchito amasanduka wopemphetsa, womwetulira ngakhale kasitomala womutukwana, poopa kugona ndi njala.

Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa wantchito aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera. Silitchula chifundo cha kasitomala ayi. Ngati muli nako kangachepeko perekani, kupatsa nkuika. Koma udindo wodyetsa banja la wantchito ngwa amene anamulemba ntchito.