Zikwangwani za pamsewu si zitsulo zotola

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzi yathu yokondedwayi kuti ndiyankhe anzathu ena amene akumanena kuti zikwangwani za pamsewu zilibe ntchito, ati chifukwa ngakhale Azungu kwawo anayamba kuzizula.

Nkhaniyo ndi yoona, koma aimva theka. M'tauni ya Drachten ku Holland, katswiri wa misewu, malemu Hans Monderman, anachotsa maloboti ndi zikwangwani pa mphambano zingapo. Iye ankati dalaivala akasowa chomuuza chochita amachepetsa liwiro n'kuyamba kuyang'ana anthu. Mphambano ya Laweiplein itakonzedwa motero m'chaka cha 2003, ngozi zinachepadi.

Komatu mkuluyu sanangozula zitsulo n'kuchokapo. Anayamba waumanganso msewuwo, kuupanga kuti galimoto izizungulira, mwakuti wofuna kuthamanga analibe pothamangira. Chinapulumutsa anthu ndi liwiro lochepa. Ndiponso ku Mangalande, komwe anatengera nzeruyi pa msewu wa Exhibition Road ku London, boma linapempha makhonsolo m'chaka cha 2018 kuti ayambe aimitsa ntchito zoterezi, chifukwa anthu osaona anadandaula kuti sadziwa pomwe njira yawo yathera ndi pomwe payambira galimoto.

Tsono tibwere kwathu kuno ku Kasungu. Ife zikwangwani anatizulira kale ndi anthu akuba, amene amakasula mbaula ndi mahinjesi a zitseko kapena kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Kodi msewu wa M1 wasanduka wabwino chifukwa cha zimenezi? Pitani pa Chisemphere, pa Chatoloma kapena pa Nkhamenya tsiku la msika. Ngolo za ng'ombe, akabaza, amayi osenza mitolo ndi ana a sukulu onse ali pa tala yemweyo ndi mabasi a ku Mzuzu. Nyengo ya fodya mumaonjezereka malole odzaza mabelo opita ku msika wa Chinkhoma, ena oyenda usiku, pamene ngolo ilibe ndi nyale yomwe. Dalaivala wachilendo adziwa bwanji kuti kutsogoloku kuli sukulu, mlatho kapena pokhota ngati palibe chomuchenjeza?

Tisaiwale zomwe zinachitika pa Kampepuza ku Ntcheu m'chaka cha 2019, pomwe lole inalowa mumsika wa m'mbali mwa msewu womwewu wa M1 n'kupha anthu ambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tinalirira msewu wosalala, ndipo ntchito yokonzanso M1 kudutsa kuno inakhazikitsidwa m'chaka cha 2022. Koma walira mvula walira matope. Kale maenje ndiwo ankagwira madalaivala mwendo. Pa tala watsopano palibe chowaletsa. Pa msonkhano wa maiko ku Stockholm m'chaka cha 2020 anagwirizana kuti pomwe galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Misika yathu yonse ya m'mbali mwa msewu ndi malo otero.

Choncho ndikupempha a Roads Authority kuti pa msika ndi pa sukulu paliponse aike zikwangwani pamodzi ndi mahampu opakidwa penti yooneka usiku, pakuti chikwangwani chimapempha koma hampu imakakamiza. A khonsolo nawo asunthire misika kutali ndi tala.

Inu mafumu athu, wosula mbaula ndi chikwangwani mumamudziwa, ali m'mudzi mwanu momwemo. Muitaneni pabwalo. Ndipo inu abusa, ansembe ndi mashehe, amene mumatsogolera mwambo wa maliro a anthu ogundidwa ndi galimoto, kumbutsani nkhosa zanu kuti woba chikwangwani ndi wogula mbaula yake onse ali ndi gawo pa imfa ya mwana wowoloka msewu.

Mlimi wokhudzidwa,
Chisemphere, Kasungu.