Chitokosi Si Mankhwala a Mkwiyo



Sabata ino tikufuna kudzudzula chizolowezi chimene chikumera mizu pakati pathu: kuthamangira kupolisi mnzathu akangotilankhula mawu owawa. Awiri akangana pamsika, wina wanena kuti "uona", kukacha akumva kuti wasumiridwa mlandu wotukwana ndi kuopseza. Kawirikawiri wodandaulayo alibe mantha. Cholinga chake nchakuti mnzakeyo agone m'chitokosi, adziwe wamkulu ndani. Kumeneko ndi kusandutsa lamulo chibonga.

Tikumbuke nkhani ya a Joshua Chisa Mbele, amene anamangidwa mu 2022 chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza mkulu wa asilikali panthawiyo, General Vincent Nundwe. Mu July 2025 oweruza atatu anagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkamangitsa munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likusemphana ndi ufulu wolankhula. Woipitsidwa mbiri angasumire chipepeso, koma asamangitse mnzake. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ena afunsa kuti: kodi tizingotukwanidwa? Iyayi. Kutukwana ndi tchimo, ndipo Yakobo Woyera m'mutu 3 wa kalata yake akufanizira lilime ndi moto. Chiopsezo chenicheninso si choseweretsa. Mayi amene mwamuna wake wamulozetsa chikwanje apite kupolisi tsiku lomwelo, ife timuperekeze, ndipo wina asamukakamize kuthetsa mlandu m'dzina la chikhululuko. Koma wokometsera mawu a mkangano kuti aoneke ngati chiwembu akuswa lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, ndiponso akudya nthawi imene apolisi akanathandizira mayi uja.

Pa Mateyo 18:15-17 Ambuye anatiikira ndondomeko: tiyambe kukambirana awiri, zikavuta tiitane mboni, zikakanika tipite ku Mpingo. Nanga miphakati yathu ndi yachiyani ngati mkangano wa mawu awiri ukuthera m'buku la apolisi?

Tsono ngati ena mwa ife tinakasuma chifukwa cha mkwiyo chabe, tibwerere kupolisi tikanene zoona ndi kupempha kuti dandaulolo lithetsedwe. Ngati ndife tinatukwana, tikapepese. Tichite zimenezi lisanafike Lamulungu, kuti popatsana moni wamtendere pa Misa dzanja lathu lisaname.

Ambuye atipatse mtima wodekha sabata ino.