Kapu ya yogati isamafune mano

Mkaka suli wosowa kuno kwathu. Kuyambira ku Mitundu, midzi yozungulira Bunda, kubwera ku Nathenje mpaka pamlatho wa Diamphwe pomwe Lilongwe amasiyirana ndi Dedza, makola a ng'ombe zamkaka alipo ndithu, ndipo alimi ambiri amasonkhanitsa mkaka m'magulu kuti galimoto za makampani zidzatenge. Ena, makamaka amayi ndi achinyamata, adazindikira kuti ndalama ili pokonza wekha: yogati, chambiko, pena mahewu, n'kuthira m'timakapu. Ine ndili ndi golosale ya firiji imodzi pa Nathenje, choncho katunduyu amadutsa m'manja mwanga. Kukoma amakoma. Chimene chimawagwetsa anzangawa ndi chija amachiganizira pomalizira penipeni, kapepala komata pamwamba pa kapu.

Kamalakwika pawiri. Kakamatidwa mofooka, kapu imafika itadontha, katoni yonse ili noninoni chifukwa cha mabampu amene wakabaza wadutsamo. Vuto limeneli wopanga amaliona msanga poti limamudyera m'thumba tsiku lomwelo. Ndiye amathamangira kwina: amawonjezera moto pamakina, amagula pulasitiki yomata zolimba, ndipo amabwera akunyadira kuti iyi ngakhale muiponde siingatseguke. Apa m'pamene ine ndimatsutsana nawo. Chivundikiro chokana kutseguka n'cholakwika chimodzimodzi ndi chodontha, kungoti amene amavutika nacho ndi wogula, ndipo wogula sabwerera kudzadandaula. Amangoloza kapu ina ulendo wotsatira.

Taganizani amene amadya yogati. Ndi mwana wa sitandade 2 amene wapatsidwa ndalama ndi agogo ake. Ndi wodwala amene wakana nsima, womudikirira n'kuthamangira kugolosale. Ndi nkhalamba ya zala zonjenjemera. Anthu otere akakoka kakhutu ka chivundikiro n'kuduka, chotsatira ndi mano. Ndimawaona pakhonde panga. Tsono kapu imeneyo yayenda pafumbi, yagwidwa ndi wopanga, wonyamula, ine wogulitsa, ndi ena atatu anayi amene amaitola m'firiji n'kuibwezera. Sitidaiwale kolera imene idabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tidaphunzira kusamba m'manja tisanadye, koma tikulolabe ana kuluma kunja kwa kapu. Chizolowezichi tidachitengera kumafirizi, amene aliyense amaboola ndi mano, ndipo tidafika pochiona ngati n'chabwinobwino.

Chivundikiro chomatuka bwino sichichita mwangozi. Kapepala kaja kamaoneka kamodzi koma ndi timagawo tosanjikizana. Pamwamba pali gawo lolimba lopirira moto, pamene amasindikizapo dzina. Pansi pali gawo lopyapyala limene limasungunuka n'kugwira mlomo wa kapu. Opanga amalikonza dala kuti ligwire mokwanira kutsekereza mpweya ndi madzi, koma lisaphatikizane kotheratu ndi kapuyo. Pali mtundu winanso umene umaphatikizana n'kukhala chinthu chimodzi, wa zakumwa zoboola ndi kapaipi komwera. Mpukutu wake umafanana ndi winawo, ndipo ambiri amagula umenewu osadziwa, chifukwa wogulitsa m'tauni anangoti ndi pulasitiki ya makapu.

Funso loyamba lisakhale mtengo. Tembenuzani kapu, muone pansi pake. Pali kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala mkati. Nambala 5 ndi PP, kapu yofewa imene imapirira zotentha. Nambala 6 ndi PS, ija imathetheka mukaifinya. Nambala 1 ndi PET, yoonekera mkati, imene imakwinyika mukathiramo chinthu chotentha. Mapulasitiki amenewa ndi osiyana, ndipo gawo lomata lokonzedwera PP siligwira bwino pa PS kapena PET. Zilipo zivundikiro zogwira pa mitundu ingapo, koma zimakwera mtengo. Ndiye munthu amagula makapu kwa uyu lero, mpukutu kwa uyo mawa, mwezi wamawa makapu asintha chifukwa akale asowa, iye n'kumaimba mlandu makina. Kapu ndi chivundikiro zigulidwe pamodzi, ndipo wogulitsa amene sangakuuzeni kuti mpukutu wake ndi wa nambala iti musiyeni ndi katundu wake.

Zikagwirizana, patsala zitatu: moto, kupsinja ndi nthawi. PP imasungunuka pa madigiri pafupifupi 160, kotero imafuna moto wochulukirapo. Moto ukachepa sizigwira. Ukapyola, mlomo wa kapu umapindika ndipo chivundikiro chimene chidapangidwa kuti chizimatuka chimakakamira. Ndaonapo ena akumata zivundikiro za aluminiyamu ndi simbi yositira zovala. Sindiwaseka, poti makina ndi ndalama ndipo magetsi kumudzi sapezeka paliponse, koma simbi yamakala ilibe muyeso: makapu oyamba amapsa, omaliza amatsala osagwira. Amene akugwiritsa ntchito makina amagetsi akumbukirenso kuti magetsi akazima n'kuyakanso, chitsulo chimafuna nthawi kuti chitenthe mofanana. Ndipo mlomo wa kapu ukhale wouma. Kadontho kamodzi ka yogati pamlomo kamasiya kanjira kosaoneka ndi maso, momwe mpweya ndi tizilombo zimalowera.

Kuyesa sikufuna labotale. Matani makapu khumi. Ena afinyeni pang'ono atamira m'chidebe cha madzi: thovu likatuluka, pali pobowoka. Ena agonekeni chadodolido m'firiji usiku wonse, popeza chomata china chimagwira chikadali chofunda n'kulekerera chikazizira. Ena aikeni m'katoni, mumangirire pakaliyala, mupalase njira ya fumbi yomwe katundu wanu amadzera. Otsalawo mupatse mwana ndi agogo atsegule inu mukuonerera, osawathandiza. Chivundikiro chichoke chathunthu, chisang'ambike pakati, chisasiye ulusi wa pulasitiki wogwera m'chakudya, ndipo yogati asawathovukire pachifuwa.

Pa nkhani ya pulasitiki yoonekera kapena aluminiyamu, ine ndili kumbali ya aluminiyamu pa zamkaka. Kuwala kumawononga vitamini B2 mumkaka ndipo kumasintha kakomedwe, tsono mafiriji athu ambiri ndi a chitseko chagalasi, ena amaima pakhomo penipeni dzuwa likuwomba. Yoonekera ili ndi malo ake, monga pa chiponde kapena zipatso zoduladula, pamene wogula amafuna aone kaye.

Thobwa lokha ndimakana kulandira m'kapu yomata. Thobwa limapitiriza kusasa, limatulutsa mpweya, ndipo pofika masana chivundikiro chatupa kapena chaphulika. Malo ake ndi botolo la chitsekero chopotokola. Koma yogati akatupitsa chivundikiro, imeneyo ndi nkhani ina: walowa zosayenera pokonza kapena wakhalitsa kunja kwa firiji. Apa ndiyenera kunena mosapsatira, chifukwa ena amaganiza kuti kumata ndiye ukhondo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mkaka wosawiritsa bwino, ndowa yosatsuka, madzi a pachitsime chosatetezedwa, zonsezi chivundikiro chimangozitsekera mkati. Ndiponso pamwamba pakepo palembedwe dzina la wopanga, kumene ali, ndi tsiku lothera ntchito, zinthu zimene a Malawi Bureau of Standards amayang'ana pa chakudya chogulitsa. Kapu yopanda tsiku ine sindiika m'firiji mwanga, ngakhale mwini wake akhale mlamu wanga.

Wina anena kuti ndikulimbikitsa zinyalala. Ali ndi mfundo. Malamulo a 2015 adaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, Khoti la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe majumbo akadali mbwee m'ngalande ndi m'madambo otsetserekera ku Diamphwe. Makapu ndi zivundikiro zake nazo siziola. Koma pamenepanso chomatuka bwino chimaposa: chimachoka chathunthu n'kuponyedwa pamodzi, ndipo kapu imatsala ya mlomo wosalala, imene amayi amafesamo mbewu za tomato ndi mitengo kudimba. Chong'ambidwa ndi mano chimasiya tizidutswa pabwalo pamene nkhuku ndi mbuzi zimatola.

Chovuta chenicheni ndi mtengo. Zivundikirozi zimadalira ndalama zakunja, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wopanga makapu makumi asanu patsiku sangathe kugula mpukutu wabwino payekha, nanji kusindikizapo dzina. Koma alimi omwewa adatha kale kugwirizana posonkhanitsa mkaka. Angathenso kugwirizana pa kapu ya mtundu umodzi ndi mlomo wa muyeso umodzi, kuitanitsa pamodzi, ngakhale kugula makina amodzi omatira n'kumasinthana masiku. Ndipo yunivesite ya LUANAR ili pa Bunda pomwepa, ikuphunzitsa achinyamata sayansi ya zakudya. Ophunzira amene amasowa mutu wa kafukufuku chaka chomaliza atapita ku gulu limodzi la ku Mitundu ndi choyezera kutentha, n'kulemba papepala kuti kapu iyi ndi mpukutu uwu zimafuna madigiri akuti ndi masekondi akuti, pepalalo likhoza kukhomedwa pakhoma pafupi ndi makina, aliyense wobwera kudzamata n'kumatsata zomwezo.